Khanda Sililowa M'manda a ku Mikene

Sukulu ndinasiyira Giredi 11, mafakitale atayamba kugulitsidwa, atate n'kuchotsedwa ntchito. Anzanga a ku Kabwata, mu Lusaka, analowa m'malonda a salaula, zovala zakaunjika. Ine ndinakagwira ntchito yolera mwana ku Kabulonga, kwa Agiriki ena eni bekale. Kamwanako kanali kakakazi, kasanamere ndi mano omwe. Ndinkakakonda. Makolo ake ayi.

Popita kutchuthi kwawo ku Girisi ananditenga kuti ndizikabereka mwanayo, osati china. Tsiku lina tinapita kumabwinja otchedwa Mikene. Miyala yokhayokha, dzuwa loswa mtengo, pamwamba pa chipata mikango iwiri yosema, yoduka mitu. Abwana anandifotokozera monyadira kuti mfumu ya pamenepo inapha mwana wake wamkazi ngati nsembe kuti zombo zake zankhondo zipeze mphepo, ndipo itabwerako mkazi wake anaiphera m'bafa.

Kenako tinafika pakhomo lalitali lolowa m'phiri. Anthu ankalowa ndi kutuluka akuseka, ena akutafuna mabisiketi, ena akukuwa kuti amve mawu awo akubwerera.

"Muno ndi muti?" ndinafunsa.

"Amati ndi manda a mfumu ija," anatero adona. "Tiye tikajambulitse."

"Manda? Nanga mwini wake?"

"Anafukula kalekale. Mulibe kanthu."

Kumudzi kwathu ku Katete sulowa kumanda osapempha eni, sulozako ndi chala komwe, ndipo khanda silifikako n'komwe. Apa manda ali yasa, a munthu wopha mwana wake wamkazi, ine kumsana ndili ndi mwana wamkazi.

"Ba madamu, mwana salowa."

"Iwe, mwana ni wako?"

"Si wanga. Koma ali pa musana panga."

Anagwira mfundo ya chitenje kuti amasule. Ndinaifumbata ndi manja onse awiri. Mzungu wina wa kabudula anayamba kutijambula, ngati nafenso ndife mabwinja.

Abwana analankhula motsitsa, mano ali gwa: "Ukakana, tikafika ku Lusaka ukafune nchito kwina."

"Nizafuna."

Analowa okha. Ine ndinakhala pamwala panja, mwana akundiyamwa phewa. Atatuluka sindinawalole kumugwira mpaka atasamba m'manja ndi madzi a m'botolo. Anasamba, akutukwana m'chinenero chawo.

Titatera ku Lusaka, chikwama changa anachisiya kwa mlonda pageti. Mwanayo, makolo ake sanandilole ndi kumutsanzika komwe. Koma m'manda muja khandalo silinalowemo.