Kiyi wa pa Chithunzi

Bambo anga akhala akudula makiyi kwa zaka makumi atatu ndi zinayi pakhonde la sitolo ya nsalu, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa mayunitsi. Anthu amangowatchula kuti a Tupa, chifukwa tupa sachoka m'manja mwawo, ngakhale kumaliro amapita naye m'thumba la jekete. Chala chawo chachikulu chinatha mizere. Tsiku lokalembetsa chiphaso makina odinda zala anawakana katatu, iwo n'kubwera kunyumba akunyada ngati apambana mpikisano.

Makina atsopano odulira makiyi ndinawagulira ndine nditayamba ntchito, poona kuti maso awo ayamba kufooka. Ndi aang'ono ngati makina osokera. Ukajambula kiyi pa foni n'kutumiza chithunzicho, okha amawerenga mano a kiyiyo n'kudula wina wofanana naye. Tsiku loyamba bambo anayesera kiyi wa kunyumba kwathu. Pa mphindi zitatu kiyi anagwera m'kambale akutentha. Anamuyang'ana padzuwa, kumutembenuza, kumupapasa ndi chala chopanda mizere chija, kenako anavula chipewa.

"Mwanawe," anatero, "chinthuchi chikundiposa maso."

Ndinasangalala, koma chisangalalocho sichinagone. Kutacha anakhazikitsa lamulo: wobwera ndi kiyi m'manja amudulira, koma wobwera ndi chithunzi chokha ayambe wawatenga akaone chitseko chake. Zinandinyansa. Makina ogulira kuti nkhalamba ipume, yokha n'kudziwonjezera maulendo? Makasitomala ena ankangotukula mapewa n'kupita kudepoti, kumene kunalinso makina ngati athuwa.

"Ababa, makinawa sanalakwepo ngakhale kamodzi," ndinawauza.

"N'zoona. Koma safunsa," anayankha. "Ndipo zowawa zake akamva ndi wina."

Lolemba lina ndili patchuthi ndinakhala nawo pakhondepo. Chakumasana kunabwera bambo wina wa shati yoyera yositidwa bwino, wonunkhira, waulemu wake wogwira chigongono popereka moni. Anati wataya kiyi wa kunyumba, mwamwayi anali atamujambula. Bambo anga anavala magalasi n'kukulitsa chithunzicho. Kiyi anali pa tebulo lagalasi, pambali pa chipeso ndi lumo.

"Tiyeni tikaone chitsekocho, achimwene."

"Ndili pachangu, madala. Ingodulani."

"Pachangu pomwepo tiyeni, ine ndimayenda msanga."

Munthu uja anaseka, kuseka kwa mano okha, n'kubweza foni m'thumba. Anati kudepoti safunsa zambirimbiri, ndipo anapita.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe ulaliki wanga wa masiku onse, koma ndinaona bambo akuponya loko watsopano ndi sikuludiraiva m'chikwama mwachangu.

"Kiyi uja ndinadula ndine," anatero. "Dzino lachitatu ndi lalifupi, lachinayi ndinachita kulipala ndi tupa chifukwa linkakakamira. Ndi wa mayi wina woluka tsitsi. Anabwera masabata awiri apitawo diso lili lotupa, atathawa pabanja, ndipo loko ndinakamuikira ndekha. Lolemba sapita ku saluni, ali pakhomo. Imitsa njinga yamoto."

Pa makiyi zikwizikwi amene adutsa m'manja mwawo, anazindikira mmodzi pa kachithunzi ka pa foni, ngati mmene mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake pagulu.

Mayiyo ankachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ina, kumapeto kwa kanjira kopapatiza. Tinamupeza akuyanika matawulo. Atationa ndi chikwama, nkhope inasintha.

"A Tupa, kwagwanji?"

"Mayi, makiyi anu mumawaika pati mukamaluka anthu?"

"Patebulo." Anaima kaye, tawulo lili m'manja. "Lachisanu mwamuna wanga uja anabwera ku saluni, ati kudzapepesa. Anangoima pafupi ndi tebulo akuseweretsa foni."

Bambo anagwada pachitseko, ine ndikuwagwirira tizitsulo. Maso amene ndinkati afooka aja sanafunike n'komwe, zala zinkadziwa zokha kopita. Loko wakale anatuluka, watsopano analowa. Tinalowa m'nyumba tonse atatu kuti amuyesere mkati, ndipo anakhoma kawiri.

Asanatsegulenso tinamva nsapato m'kanjira muja. Zinafika pakhomo n'kuima. Palibe anagogoda, palibe anati odi. Tinangomva kiyi akulowa mu loko mwakachetechete. Analowa bwinobwino mpaka kumapeto, poti makina akudepoti nawo salakwa. Koma kutembenuka anakana. Anayesa kachiwiri, kachitatu, kenako chitseko chinagwedezeka ndi phewa. Mayi uja anandigwira pamkono mpaka zikhadabo zinandilowa.

Bambo anatsokomola pang'ono, n'kulankhula ndi mawu awo omwe aja operekera moni kwa makasitomala.

"Achimwene, ndine wamakiyi uja. Chitseko ndachiona, si chanu."

Patapita kanthawi kiyi anasololedwa, nsapato zinabwerera m'kanjira, poyamba pang'onopang'ono, kenako mofulumira.

Mayiyo anangoti khwethe pansi, atatsamira bedi, n'kuyamba kulira kopanda mawu. Ine ndinayang'ana bambo anga, nkhalamba yaifupi ya jekete lothimbirira ndi fumbi la mkuwa, ndipo ndinachita nawo mantha aulemu amene sindinawamvepo pa munthu wina aliyense. Ndinachitanso manyazi ndi pakamwa pangapa.

Iwo anasakasaka m'chikwama, n'kutulutsa chingwe cha nsapato, kulowetsamo makiyi awiri atsopano aja n'kumanga mfundo. Anawerama movutikira, mawondo akulira, n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Muzivala m'khosi, mayi, mkati mwa bulauzi. Tsopano tadzukani musambe kumaso, tikuperekezeni kupolisi kusanade."