Mizere ya chinangwa pagolo la Tiyesenso

Loweruka lapitali ndinavala jekete langa la kutchalitchi, ndinapukuta nsapato, n'kukwera kabaza kupita kubwalo la mpira la kwathu, kuno kumpata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Linali tsiku lalikulu. Timu yathu ya Tiyesenso inkayenera kusewera ndi anyamata a ku Jenala, ndipo wopambana ndiye akanalowa mu ligi yeniyeni, ija ya oyimbira ovala yunifomu ndi zotsatira zomveka pawailesi.

Nditafika ndinapeza khamu la anthu litaima chete, ngati pamaliro pamene nyimbo yasowa woyambitsa. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo. Kuyambira pagolo la kumadzulo kufikira pamene amamenyera penate panali mizere. Mizere yeniyeni, owerenga anga, yowongoka bwino, ya dothi lonyowa, ndipo pamwamba pake mitengo ya chinangwa inali itazikidwa mopendekeka monga mwa ulimi wake. Eni mizereyo, mayi Edesi, anali atakhala pansi motsamira chitsulo cha golo, khasu lili pambali, akutikita bondo.

Musanawaweruze, ndiloleni ndikuuzeni kumene timuyi idachokera, pakuti ambiri mwa amene ankakuwa tsiku limenelo adaidziwa itavala kale nsapato.

Idayamba zaka zoposa makumi awiri zapitazo, ine ndikuphunzitsabe kupulayimale. Anali anyamata a mapazi ong'aluka, okankha mpira wachikulunga pamsewu wafumbi, ndipo ngolo ikamadutsa masewero ankaima. Timu iliyonse ya m'dera lino inkawagonjetsa. Goloboyi wawo, a Fulaye, amene lero amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika, ankati akatola mpira m'tchire kuseri kwa golo, ankadzisasa fumbi n'kunena kuti, “Palibe kanthu, tiyesenso.” Anthu adayamba kuwatchula choncho mwachipongwe. Dzinalo lidakanirira.

Chimene ankasowa chinali bwalo. Mayi Edesi anali ndi minda iwiri imene adasiyiridwa ndi amayi awo: wina pachidikha, wosalala, wa nthaka yofewa, wina m'mbali mwa phiri, wamiyala, wotopetsa munthu asanafike n'komwe. Anyamata adapita kukawagwadira. Iwo adati: “Wapansiwu tengani, muzikankhirapo chikulunga chanucho. Koma chaka chilichonse, mvula isanagwe, timu yonse izibwera ndi makasu kudzandiungira mizere kumtunda.”

Pangano lidathera pomwepo. Panalibe cholemba, panalibe chidindo. Panali mawu, ndipo masiku amenewo mawu ankalemera.

Umu ndi mmene lidabadwira tsiku la makasu. Kutentha kukafika pachimake, mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa Michesi, timu yonse inkakwera phiri mbandakucha. Womwetsa zigoli ankalima. Wokhalira kudikira panja ankalima. Wovulala mwendo ankatola miyala atakhala pansi. Mayi Edesi ankaphika thobwa ndi kalongonda, ndipo wosewera watsopano sankawerengedwa kuti ndi wa Tiyesenso kufikira atatuluka matuza m'munda umenewo. Matimu ena ankatiseka. “Abwera anamakasu! Bisani mbatata!” Koma anamakasuwo adakhwima miyendo ndi mapewa, ndipo adazolowera chinthu chimene mphunzitsi aliyense wa mpira amachilakalaka: kuyang'ana mnzako amene watsalira pamzere n'kubwerera kukamuthandiza.

Adayamba kupambana. Poyamba mwamwayi, kenaka mwachizolowezi. Ndikukumbukira majezi oyamba, osokedwa ndi telala wa ku Boma, manambala ake okhota ngati adasokedwa munthu akuthawa galu. Ndikukumbukira chikho choyamba, chimene tidayenda nacho mudzi wonse chitamangidwa pakaliyala wa njinga, n'kukachisiya pakhonde la mayi Edesi mlungu wathunthu. Iwo ankasungiramo singano.

Tsono kukwera kumabwera ndi alendo ake. Kudabwera komiti, ndipo wapampando wake ndi a Mukhova, mwini sitolo ya zitsulo ku Boma. Ndisawanamizire, pakuti ine sindilemba mabodza ngakhale nditapsa mtima: bamboyu wachita zambiri. Magolo a bulugamu adawachotsa n'kuika achitsulo. Adagula maukonde ndi nsapato. Adaitana osewera aluso ochokera ku Mulanje ndi ku Blantyre, ndiponso kochi wa wezulo wake pakhosi. Adapatsanso timuyi dzina la Chingerezi, lomwe sindililemba pano. Chikwangwani chake chili ndi zolakwika za kalembedwe zimene zimandiwawa m'maso nthawi iliyonse ndikadutsa, koma lero mtima wanga uli kwina.

Chaka chino tsiku la makasu silidachitike.

A Fulaye adapita kukakumbutsa komiti. Yankho limene adalandira adandiuza okha, akupopa tayala mwaukali: “Madala, awa ndi mapuleya, si aganyu. Wina akathyoka msana, ligi atiwinira ndani?” Adapitanso. Adauzidwa kuti komiti ikambirana. Komiti ikadali kukambirana, mvula idagwa pakati pa mlungu, yamphamvu, yolowa pansi. Mayi Edesi, amene tsopano amayenda ndi ndodo, ndipo ana awo onse ali kutali, adakwera okha kumtunda ndi khasu. Miyala idawakana. Adatsika, n'kukalima pamene msana wawo ukadatha: pamunda wawo wofewa, umene ife takhala tikuutcha bwalo.

Kodi pamenepa wolakwa ndani?

Tibwerere ku Loweruka. A Mukhova anafika pagalimoto, anaona mizere, n'kuvula magalasi akuda ngati kuti vuto linali magalasiwo.

“Agogo, mwatani apa? Mukudziwa kuti lero ndi gemu yaikulu?”

“Ndikudziwa, bambo,” anayankha mayi Edesi osadzuka. “Inunso mukudziwa kuti mvula yagwa?”

“Tinanena kuti komiti ikambirana!”

“Eya. Ndiye ndimati pamene mukukambiranapo, ine ndizibzala.”

Anyamata a ku Jenala, amene anabwera atapanikizana palole, anafa nacho chikhakhali. Mmodzi anakuwa: “Anamakasu, mwasamutsira munda pagolo kuti goloboyi azidya akudikira?” Wina anati: “Tibwerekeni makasu tikupalireni, ife sitiopa matuza!” Osewera athu atsopano, atavala nsapato zonyezimira, ankajambula mizereyo pafoni. Sankadziwa chilichonse za pangano lija, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Munthu sasunga mwambo umene sanauzidwe.

Kenaka wina wa m'komiti, mnyamata amene ndidamuphunzitsa ndekha kulemba dzina lake, anati: “Tingosalaza basi, nthawi ikutha.” Anaponda mzere woyamba. Khamu lonse linang'ung'udza nthawi imodzi, a kwathu ndi a ku Jenala omwe. Phazi analibweza yekha. Ngakhale iye ankadziwa kuti kuno munthu saponda chobzala cha mnzake mwini wake akuona.

Woyimbira, bambo wodekha amene anaoneka kuti nayenso adakulira pamunda, anakanda mutu n'kugamula kuti masewero achitike Loweruka likudzali. Anawonjezera kuti bwalo likadzapezeka lili momwemo, chipambano chidzapita ku Jenala popanda kukankha mpira. Apo ndi pamene mayi Edesi anagwira ndodo n'kuimirira, ndipo ananena mawu amene akhala akundizungulira m'mutu mlungu wonse:

“Mitengoyi sinagwire. Mukanditsirizira kumtunda isanaphuke, tidzaizula n'kukaizika kumeneko, bwalo lanu mudzasalaze. Koma ikaphuka, ndi chakudya. Ine sindizula chakudya.”

Owerenga anga, chimene chandikwiyitsa si mpira wolephereka. Ndakalamba mokwanira kudziwa kuti Loweruka limabweranso. Chandikwiyitsa ndi khalidwe limene lafala pakati pathu, loti chinthu chikangokula pang'ono, chimayamba kuchita manyazi ndi amene adachilera.

Tayang'anani mozungulira. Ndi mipingo ingati imene idayambira pansi pa mtengo wa munthu, ndipo lero, itamanga nyumba ya njerwa, mwini mtengo uja amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko? Ndi ana angati amene adaphunzira chifukwa azakhali awo ankasenza nandolo kupita naye kumsika, ndipo lero akabwera kumudzi amapereka moni pawindo la galimoto, injini ikulira? Tikakhala ochepa timati, “Tithandizeni, ndife ana anu.” Tikakula timati, “Nkhaniyi ili m'manja mwa komiti.” Mawu amenewa ndimadana nawo kuposa chiganizo chopanda mneni. Mkati mwake mulibe munthu. Simungawagwire dzanja, simungawafunse kuti abwera liti.

Akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Ifetu pa njovu sitinakwerebe. Tangogwira mchira, ndipo tayamba kale kunyansidwa ndi mame.

Ndamva ena akunena kuti nthawi zasintha, kuti timu yofuna kupita patsogolo siyenera kumangidwa ndi mapangano a pakhonde. Chabwino. Ngati pangano lakalamba, pali njira yake: mumapita kwa mwini wake, mumakhala pamphasa, mumanena kuti, “Amayi, zinthu zasintha, tipangane mwatsopano.” Chimene sichiloledwa ndi kungokhala chete n'kuyembekeza kuti munthu wokalamba atopa kukumbukira. Kumeneko si kupita patsogolo. Kumeneko ndi kudikira maliro.

Nanga khasu lidakulakwirani chiyani? Ochemerera onse amene anadzaza bwalo tsiku lija amadya za khasu. Ngakhale sitolo ya a Mukhova imagulitsa makasu, ndipo mwezi uno ndi amene akuyenda malonda kuposa china chilichonse. Kodi chida chimene chili chabwino pochigulitsa chimasanduka chamanyazi pochigwira?

Tsono imvani chimene chandimaliza.

Lolemba mmawa a Fulaye anatseka malo awo okonzera njinga, anasonkhanitsa otsala a timu yoyamba ija, n'kukwera phiri. Ndi anthu a mimba zawo tsopano, ena a imvi, mmodzi wa chifuwa chosatha. Inenso ndinapita, ngakhale kuti m'timumo sindidasewerepo, ndipo mzere umene ndinaunga a Fulaye anauyang'ana n'kunena kuti, “Aphunzitsi, pabolodi munkalemba mowongoka, apa zatani?” Tikupuma, tinamva wezulo. Kochi anali kubwera ndi osewera onse, akuthamanga chokwera phiri lomwelo, kuti akhwimitse miyendo. Anadutsa m'mphepete mwa mundawo. Anakafika pamwamba, ananyamula miyala, anaikweza m'mwamba ndi kuitsitsa, kuti akhwimitse mapewa. Kenaka miyalayo anaisiya pomwepo n'kutsika chothamanga.

Ndinaima nditagwira m'chiuno. Thukuta lomwelo, phiri lomwelo, miyala yomweyo! Kusiyana kwake n'kwakuti thukuta lawo silinasiye mzere ndi umodzi womwe.

“Iwe Yohane!” anakuwa a Fulaye, kuitana kaputeni wa timuyi, yekhayo mwa osewera amene ndi mwana wa m'mudzi muno. “Thobwa la m'munda uno sunamwe iwe? Wakula ndi chiyani?”

Yohane anaweramitsa mutu n'kupitiriza kuthamanga.

Koma dzulo, tikufika kumunda, tinamupeza ali kale pamzere, atavula jezi, khasu la amayi ake lili m'manja. Mayi Edesi anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kutuma uthenga kunyumba kuti thobwa aliwonjezere madzi. Mnyamata mmodzi amalima kuposa nkhalamba zinayi, komabe mundawo ndi waukulu. Mmene ndikulemba pano, sitinafike ndi pakati pomwe. Timu yonse itabwera, ntchitoyi ikhoza kutha dzuwa lisanafike pamutu. Komiti, ndamva, ikumana mawa madzulo kuti ikambirane.

Lero mmawa, potsika kuphiri, ndinadzera kubwalo. Ndinagwada pamene amamenyera penate, mawondo akulira, n'kuvala magalasi anga owerengera. Pamtengo umodzi wa chinangwa, pafupi ndi nsonga, diso la mphukira latupa. Silinatseguke, koma lasanduka lobiriwira.

A Mukhova, inu ndi komiti yanu: chinangwacho chayamba kale kusunga pangano lake ndi mvula. Nanga inu, lanu mudzalisunga liti?