Pepala la Msana wa Atate

Lero kuchipatala andipatsa pepala lojambulidwa tianthu togwada, ati ndizichita zimenezo m'mawa uliwonse kuti msana uleke kuwawa. Nditangoliona ndakumbukira atate.

Ndinali wamng'ono pamene anakwera basi kupita ku Chipata ndi msana umene unawazunza zaka zambiri. Anabwerako osabayidwa jakisoni, opanda ngakhale m'bulu umodzi wa mankhwala, koma pepala lotereli. Amayi analitembenuza uku ndi uku, mpaka kulinunkhiza.

"Chipatala chanji chopatsa wodwala zithunzi? Nenani zoona, munali kuti?"

Kuyambira pamenepo atate ankazemba m'mamawa osanyamula khasu. Tsiku lachitatu amayi anandigwira dzanja, tinalondola mapazi awo m'mame mpaka kumunda wa thonje. Njira yonse ankang'ung'udza kuti lero amuona mkaziyo.

Tinawapeza okhaokha atagwada pathumba, manja pansi, akukweza msana ngati mphaka. Pepala lija anali atalipsinja ndi mwala.

"Mayo ine! Wakulodzani ndani?" anakuwa amayi.

Atate sanadzutse n'komwe mutu.

"Takhalani chete, amake mwana, mundisokoneza. Adokotala anati kakhumi, ndipo apa ndili pa seveni."