Khoma la Amake Tinenenji

Inu amene mukufuna mawu olimbitsa mtima, khalani pansi kaye. Nkhani iyi sikuyamba ndi njala. Ikuyamba ndi manyazi, ndipo manyazi ake ndi odziputira dala.

Linali Loweruka masana, m'nyumba ina yoonetsera zojambula mumzinda wa Blantyre. Tinenenji Sankhani, mtsikana wa zaka 27 wochokera ku Lirangwe, ankatsegulira chionetsero chake choyamba. Ntchito yake ndi ija akutauni amati kiyureta: munthu amene amasankha zojambula zoti anthu aone, kuziika pamalo pake, n'kulemba kachikwangwani pansi pa chilichonse kunena mwini luso. Iye sajambula. Ntchito yake ndi maso ndi mayina.

Chithunzi chachikulu kuposa zonse chinali cha khoma la nyumba ya zidina zosawotcha. Khomalo linali lokongoletsedwa ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda, monga amachitira amayi akumudzi Khirisimasi ikayandikira. Panali maluwa, nkhanga ziwiri, ndi ndege ya khosi lalitali ngati tsekwe.

Mayi wina wa chitenje chatsopano, jumbo ya mtedza ili m'manja, anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anakodola a Selemani, bambo wachikulire amene amapachika zithunzi m'nyumbamo.

"Achimwene, ine kusukulu ndinangodutsako. Pakapepalapa alembapo chiyani?"

A Selemani anawerenga. "Alemba kuti: Khoma la nyumba, Lirangwe. Wojambula sadziwika."

"Tawerenganinso bwino."

Anawerenganso. Mawu sanasinthe.

Nthawi yomweyo Tinenenji anafika pamalopo ndi alendo, pamodzi ndi Mayi Molly, eni ake a nyumbayo. Anaona nkhope ya mayi uja. Anali mayi ake omubereka. Sanawaitane. Mnansi wina ndi amene anawaonetsa pafoni kuti nyumba yawo yatchuka kutauni, iwo n'kukwera minibasi kudzanyadira mwana wawo.

"Tine, mukudziwana ndi amayiwa?" anafunsa Mayi Molly.

Tinenenji anayang'ana alendo aja, kenako mapazi a mayi ake ong'aluka zidendene.

"Ndi akumudzi kwathu," anatero.

Mayiwo sanalire, sanakuwe. Anaika jumbo ya mtedza ija pansi pa chithunzicho.

"Mudzapereke kwa wojambulayo akadziwika," anatero, n'kutuluka.

Atafika ku Lirangwe anakanda dothi lakuda lokhalokha, n'kumata khoma lonse. Maluwa, nkhanga, ndege, zonse zinapita.

Musafulumire kumutukwana mtsikanayu musanamve kumene anachokera.

Bambo ake anali mlonda kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka, ndipo anamwalira iye ali Fomu 2. Mayi ake anamulera ndi tomato wa m'mbali mwa msewu. Mayeso a Fomu 4 analemba kawiri, kawiri konse dzina silinatuluke. Anzake atapita kukoleji, iye ankathamangira mawindo a minibasi pa Lirangwe ndi beseni la chimanga chowotcha. Makondakitala ankamutchula "Aripiti," kunena wobwereza mayeso.

Kutauni anapita kukasesa. Mayi Molly anamulemba ntchito yokolopa ndi kupukuta fumbi. Mabuku amene ankapukutawo anayamba kuwatsegula. Chingerezi chikamukanika, ankawerenga zithunzi. Tsiku lina anasinthanitsa zojambula ziwiri pakhoma osapempha, chifukwa, monga ananenera yekha, "zimakangana." Mayi Molly anayang'anitsitsa khomalo, n'kumulanda chikolopa. Zaka zisanu anaphunzira ntchito ali pantchito: kuyendera ojambula m'makomo mwawo, kuyeza makoma, kulemba zikwangwani.

Koma pokwerapo anataya kanthu panjira. Akamufunsa kwawo ankati "ku Chileka," n'kusiya anthu aziganiza za ndege. Za beseni la chimanga sankazitchula.

Ndiye vuto la kachikwangwani kaja linali ili. Mayi ake dzina lawo la ubatizo ndi Fyness, koma kwathu kuno mkazi akabereka, dzina lake limapuma. Lirangwe yense amawadziwa kuti Amake Tinenenji. Akanalemba Fyness Sankhani, dzina la bambo likanamuulula. Akanalemba Amake Tinenenji, ndiye kuipiratu: alendo onse akanadziwa kuti kiyureta wa nsapato zogogodayu anakulira kuseri kwa khoma ladothi limenelo. Anasankha mawu aafupi aja.

Ine wolembane ndakhala kunja zaka 26. Ndalowa m'nyumba zikuluzikulu kumene mipando, mitondo ndi mikanda ya makolo athu ili m'magalasi, pansi pake atalembapo mawu omwewo: wopanga sadziwika. Tinkaima pamenepo n'kumatukwana azungu chamumtima. Sindinkaganiza kuti tsiku lina mwana wa ku Lirangwe adzalemba mawu amenewa pa dzanja la mayi ake. Matenda obisa mayinawa tinawatengera, ndipo tikuwasamala bwino kuposa eni ake.

Lolemba m'mawa Tinenenji anapeza a Selemani atakhala pa makwerero awo, akuswa mtedza uja.

"Idyani, abwana," anatero. "Ndi wa munthu wosadziwika, koma ngwokoma."

"A Selemani, chonde."

"Ine chithunzi ndikachipachika mokhota, chakudya sichilowa. Inu mwapachika mayi anu chadodolido, ndiye mwabwera mutadzola ndi mafuta omwe."

Tinenenji anazyolika. Tsiku lomwelo anauza Mayi Molly zoona zake, anachotsa kachikwangwani kaja, n'kukwera minibasi.

Anawapeza mayi ake pakhonde akusankha tomato. Kumbuyo kwawo khoma linali bii.

"Takulandirani, alendo," anatero mayiwo, n'kumuyalira mkeka. "Mukufuna ndani pakhomo pano?"

"Amayi, ndalakwa."

"Mwalakwira ndani? Munthu wosadziwika salakwiridwa."

Anamuphikira, anamupatsa madzi osamba, anamuperekeza mpaka pamsewu monga achitira ndi mlendo. Khirisimasi ya chaka chimenecho nyumba zoyandikana zinavala maluwa. Ya Amake Tinenenji inakhala yakuda ngati pagwa maliro.

Apa ndi pamene ambiri amathawira kutauni n'kumangotumiza shuga. Tinenenji sanatero. Anaganiza kuti ngati analakwa ndi dzina limodzi, akonza ndi mayina onse. Anatenga kamera yobwereka ndi kope, n'kuyamba kuyenda pa kabaza m'midzi ya ku Lirangwe, Mdeka ndi Chileka, kufunafuna amayi okongoletsa makoma.

Ntchitoyo inali yothamangitsana ndi mvula. Zojambula za dothi sizikhalitsa: amazipanga mu Disembala, pofika Febuluwale mvula yazinyambita. Ndipo chaka ndi chaka makoma otere akuchepa. Ine nditatsika ndege pa Chileka ndinayembekeza kuona nyumba zovala maluwa monga ndinazisiyira. Ndinapeza simenti, ndi magolosale opakidwa penti ya makampani a mafoni. Timati chitukuko.

Koma mbiri inali itamutsogolera. Pakhomo loyamba ku Mdeka, Mayi Doreen, katswiri wa makoma m'dera lonselo, anamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ndinu aja munakana mayi anu pamaso pa azungu?"

"Ndine ndemwe."

"Ndiye mukufuna mudzatikanenso ife? Tajambulani mbuzi izo, sizidandaula."

Makomo asanu ndi awiri anamubweza. Ena ankatseka chitseko akangomva kabaza. Tinenenji ankabwerera Loweruka lililonse, yankho lake lili lomwelo: "Ndine ndemwe." Sanadziikire kumbuyo ngakhale kamodzi.

Ulendo wachinayi Mayi Doreen anamuponyera khasu.

"Kamera ikani uko. Amene sanakumbe dothi sajambula khoma langa."

Anavula nsapato. Anaphunzira kuti lofiira amakumba pachulu, loyera kudambo, ndipo lakuda amalilimbitsa ndi makala osinja. Anasenza ndowa pamutu mpaka khosi linauma, ana a sukulu akumuseka. Anaphunzira kuti mayi aliyense ali ndi dzanja lake: wina maluwa ake amayang'ana pansi, wina sasiya khoma lopanda nkhuku. Anthu a m'mudzi amatha kuloza khoma ali patali n'kunena mwini wake. Wosadziwika kunalibe. Kunali wosafunsa basi.

Ndipo pakhomo lililonse, akatha kujambula, ankagwada n'kufunsa funso limodzi: "Ndilembe dzina liti?" Ena ankafuna la ubatizo. Ena la mfunda, Nangozo kapena Nachisale. Mayi wina wachilomwe anatchula dzina limene agogo ake anabwera nalo kuchokera ku Mozambique, limene ngakhale ana ake sankalidziwa. Tinenenji ankalemba ndendende monga anenera mwini wake.

Zinatenga zaka ziwiri. Mabungwe atatu amene anawapempha thandizo anamukana. Lina linayankha kuti matope si luso. Khirisimasi yachiwiri inadutsa, khoma la mayi ake likadali bii. M'kope munali mayina makumi anayi, koma dzina limene ankalifuna munalibe.

Kenako anachita chimene anzake a ntchito anati ndi misala. Chionetsero chachiwiri anakachiika ku Lirangwe komweko, m'shedi yakale ya chimanga, kuti a kutauni ndiwo akwere minibasi. A Selemani anapachika zithunzi makumi anayi, chilichonse ndi dzina lake. Pakati pa shediyo anamanga khoma lenileni la zidina, lomata bwino, lopanda chojambula. Pansi pake anakhomapo kachikwangwani kopanda mawu.

Sanatume munthu kukaitana mayi ake. Anangoika ndowa zitatu za dothi pafupi ndi khomalo, n'kudikira.

Lachitatu sanabwere. Lachinayi sanabwere. Chionetsero chinali choti chitsegulidwe Loweruka, ndipo a Selemani anayamba kufunsa ngati khomalo aligwetse.

Lachisanu m'mawa, Amake Tinenenji analowa ndi dengu la tomato pamutu, ngati munthu wongodutsa. Anazungulira zithunzi zonse. Pa chithunzi cha Mayi Doreen anaima n'kutsonya.

"Doreen mpaka lero nkhuku zake zimaoneka ngati abakha."

Atafika pa khoma lopanda kanthu lija, anatula dengu. Anapisa chala m'ndowa ya dothi lofiira, n'kulifikisa.

"Wakanda ndani ili?"

"Ndine, amayi."

"Madzi achuluka. Likauma ling'aluka. Zaka ziwiri kwa Doreen, chimene waphunzira n'chimenechi? Tabweretsa lina, iwe."

Tinenenji anathamanga ngati mwana wa Sitandade 1, misozi ili chuchuchu.

Mayiwo anamanga chitenje m'chiuno n'kujambula tsiku lonse. Maluwa anabwerera. Nkhanga zinabwerera. Pomaliza anajambula ndege ija ya khosi la tsekwe.

"Bambo ako ankati ndege sizioneka chonchi," anatero akusamba m'manja. "Ndinkawauza kuti yanga imaoneka chonchi."

Tinenenji anagwada, kope lili m'manja, monga anagwadira pa makomo makumi anayi.

"Amayi, ndilembe dzina liti?"

"Fyness anapita ndi bambo ako, ndi okhawo ankandiitana choncho. Ine dzina langa ndi limene unandipatsa iwe tsiku limene unabadwa. Ndi lomwe unaliopa lija. Ngati likukulemerabe, siya pepalalo likhale loyera."

Loweruka shedi inadzaza. Kunabwera a magalimoto ochokera ku Blantyre, kunabwera amayi a ku Mdeka atavala yunifolomu ya kwaya, kunabweranso makondakitala aja ankati "Aripiti." Amake Tinenenji anakodola a Selemani.

"Achimwene, tabwerani. Lero alembapo chiyani?"

A Selemani anakonza kukhosi n'kuwerenga mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve: "Wojambula: Amake Tinenenji, a ku Lirangwe."

Mlendo wina anatembenukira kwa kiyureta. "Tinenenji wake ndinuyo?"

"Ndine ndemwe," anayankha. "Awa ndi amayi anga. Ndinakulira kuseri kwa khoma ngati ili, ndipo ndinkagulitsa chimanga pamsewu uwo."

"Chosapsa bwino," anawonjezera mayi ake. Shedi yonse inafa ndi phwete.

Lero Tinenenji amaitanidwa kukakonza zionetsero m'mayiko ena, ndipo amakwera ndege pa Chileka pomwe bambo ake ankalondera. Ali ndi lamulo limodzi limene sasintha: chojambula chopanda dzina sachipachika mpaka atapita kukafunsa. Manyazi a Loweruka lija akuti sanathe, ndipo safuna kuti athe. Ndi amene amamukwezabe kabaza.

Mwambi uja wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo tonse tinauloweza kusukulu, ena tinakhoza nawo ndi mayeso omwe. Kuuloweza n'kosavuta. Ine ndinauloweza, koma maliro a mayi anga ndinawamvera pafoni.

Ndiye inu amene mukuwerenga, mwina simunalephere mayeso okha. Mwina pali munthu amene munamubisa kuti mukwere, ndipo mukuona ngati njira yobwerera inatsekeka. Sinatsekeke ngati munthuyo akupuma. Akubwezani kasanu ndi kawiri, bwererani kachisanu ndi chitatu. Akakufunsani ngati ndinu aja munalakwa, yankhani kuti ndinu nomwe. Vulani nsapato, kumbani dothi, funsani dzina.

Musataye mtima, koma musachedwenso. Mvula sidikira khoma.