Bambo atiopsa lero pa Nsaru

Moni nonse kumeneko.

Bambo anadzibaya insulini, mankhwala awo a matenda a shuga, m'mawa uno koma sanadye, amathamangira kukagula feteleza pa Nsaru. Ine ndi amayi tinawaperekeza. Titafika pamsika anayamba kutuluka thukuta, kunjenjemera ndi kuyankhula zosamveka. Ena amaseka, ati madala aledzera.

Mayi wina wa golosale anathamanga ndi kapu ya madzi a shuga. Amayi anawagwira dzanja: "Ayi mayi, awa amadwala shuga, muwapha!"

Mayi wa golosale uja anati, "Inenso ndimadzibaya insulini. Apa shuga watsika, amwe msanga akadali kumeza."

Bambo anamwa. Patapita kanthawi anatizindikira, n'kufunsa kuti feteleza tagula kale kodi. Kuchipatala atsimikiza kuti shuga anatsikadi. Pano ali kunyumba, ali bwino.

Amene akundidetsa nkhawa ndi amayi. Zaka zonsezi akhala akubisa shuga m'nyumba kuti ateteze bambo. Chibwerereni angokhala pakhonde, mawu awo ndi amodzi: "Ndikanawapha ndine."

Nanenso sindimadziwa zimenezi. Bwanji tsiku la bambo lokaonana ndi adokotala tipite nawo tonse, atiphunzitse? Achimwene, achemwali, mukuti bwanji?