Mpando wa Kutsogolo m'Chapa ya ku Domwe

Ndasoka zovala pakhonde la sitolo ina, kuno timati loja, ku Ulongwe kwa zaka zambiri, chibwerereni kuchoka ku Malawi nkhondo itatha. Kwathu ndi kufupi ndi Domwe, choncho Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndimakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, m'mawa, madzulo n'kubwerera. Makina amagona m'lojamo. Ine ndimangoyenda ndi thumba la nsalu za anthu.

Pokwera chapa sipakhala za ulemu. Timakankhana ndi zigongono, wina nkhuku kukhwapa, wina thumba la mbatatesi, ndipo pa zokankhazo ine ndinali katswiri. Ndiye tsiku lina m'nyengo yozizira, nkhungu ili bii mumsewu, bambo wina wovala jekete lachikopa, amene anali atakhala kale kutsogolo, anandiyang'ana n'kutsika.

"Khalani kuno, agogo," anatero.

Ndinacheuka kuti ndione agogowo. Kumbuyo kwanga kunali mbuzi yomangidwa miyendo basi.

Ndinakhala, koma mtima unali m'mwamba ulendo wonse. Chifukwa chake chinalipo. Mwezi womwewo m'mudzi mwathu munamwalira khanda, ndipo kawiri konse ndinafika pamjigo amayi n'kusiya kulankhula. Amuna anga anatisiya kalekale, ana ali kutali, ndimakhala ndekha. Maso anga ndi ofiira chifukwa cha utsi ndi kulondola ulusi pa singano. Ndiponso tili kothawa nkhondo ku Dedza ndinaona gogo wina amene anthu ankamupatukira m'njira, kuchigayo n'kumamuika patsogolo. Iye ankasangalala poyesa kuti amamukonda, mpaka tsiku limene anamusasulira denga, akuti ndi mfiti. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti pali ulemu wina umene anthu amakupatsa chifukwa cha mantha.

Ndinayamba kuyang'anitsitsa. Lachisanu lake mayi wina anandilanda thumba pakhomo la chapa, akuti andigwirizire. Ndinalikoka mwamphamvu mpaka chogwirira chinasosoka. Sabata yotsatira motolisita, dalaivala wathu wadazi amene sanandilankhulepo chiyambire, anadutsa paraji, pamene chapa imatsitsira anthu, n'kukandiimikira pakhomo penipeni pa loja. Anadziwa bwanji kumene ndimasokera? Tsiku lonselo ndinkangoganiza zimenezo, moti ndinasoka dzanja la malaya a mwini mozondotsa.

Ndinaganiza kuti vuto ndi maso. Ndinalowa mumsika n'kugula magalasi akuda, aja amavala oyendetsa njinga zamoto. M'mawa mwake ndinaima pamsewu nditavala, ndili chete ngati wapolisi. Zinthu zinangoipiraipira. Anthu awiri anatsika nthawi imodzi kundisiyira malo, wina n'kundiweramitsa mutu kuti ndisagunde chitseko. Titafika ku Ulongwe bambo wina wonyamula khasu latsopano anandigwira chigongono.

"Tiyeni ndikuwolotseni, mayi. Apa pali dzenje, pondani bwino."

"Ndikuona!" ndinakalipa.

Anandisiya msangamsanga n'kupepesa, koma anaimabe pomwepo kundiyang'ana mpaka nditawoloka. Kuyang'ana kumeneko sindinakukonde. Magalasiwo ndinawaponya m'kabati ya makina.

Kwa masabata angapo ndinasintha kayendedwe. Ndinkadzuka msanga kuti ndikwere chapa ina imene anthu ake sandidziwa. Nthawi zina ndinkayenda wapansi mpaka paraji ya patsogolo kuti a m'mudzi mwathu asaone yomwe ndakwera. Koma kulikonse kunkapezeka wina wodzuka pampando. Ndinafika poganiza kuti mbiri yanga yafalikira msewu wonse, kuti oyenda malonda akuinyamula pamodzi ndi nyemba mpaka kumalire ku Kalomwe. Wina akandimwetulira ndinkayang'ana pakamwa pake kuti ndione ngati akunong'oneza mnzake. Wina atandipatsa nthochi ndinailandira, koma nditatsika ndinaitaya m'ngalande.

Zinathera pa tsiku lamvula. Chapa inadzaza, mazenera atachita nthunzi, zovala za anthu zikununkha chinyezi. Pafupi ndi chitseko panakhala mayi wojintcha wa zaka zapakati, m'zikhadabo muli dothi lofiira. Ankauza motolisita kuti matumba ake a mbatatesi atsogola pa lole ndipo akuwathamangira kumalire. Atandiona ndikukwera anadzuka, mutu n'kugunda denga.

"Bwerani apa, amayi."

Sindinakhale. Ndinaima chowerama, madzi akudontha pa duku, n'kumufunsa mokweza kuti onse amve.

"Mwamva chiyani za ine?"

Mayiyo anandiyang'ana modabwa.

"Za inu? Ine sindikudziwani, amayi. Ndine wa kutsidya kwa phiri, msewu uno ndimadutsa kamodzikamodzi."

"Nanga mukundisiyira malo chifukwa chiyani?"

"Ndakuonani mmene mwakwerera," anatero. "Mwaponda ndi mwendo wamanja, kenako wamanzerewo mwachita kuunyamula ndi dzanja. Amayi anga ankatero bondo litayamba kuwavuta. Khalani, chapa inyamuke, anthu tikunyowa."

Wina kumbuyo anaseka, koma motolisita anangoyang'ana kutsogolo. Ndinakhala, nkhope ikutentha. Mayiyo anadzipanikiza pa kabenchi kotentha ka pa injini, nsana atalozetsa kutsogolo, mawondo athu akugundana. Anatulutsa chimanga chootcha, n'kumadya akuyang'ana mvula.

Zoti ndimanyamula mwendo ndi dzanja sindinazivomere. Ndinati mumtima, ameneyu ndi wochenjera, wapeza poyankhira. Koma madzulo pobwerera, nditaika phazi lamanja pachitsulo chokwerera, ndinapeza dzanja langa lili kale pansi pa bondo, likukoka. Ndinayamba liti? Sindikudziwa. Mwina chaka chonse anthu ankaona, ine ndekha osadziwa.

Lolemba lotsatira sindinatsegule makina. Ndinapita kuchipatala, kumene namwino anapinda bondolo kawiri katatu likulira ngati chitseko chakale. Anandifunsa zaka zanga, ndipo nditatchula anati bondo silinalakwe. Anandipatsa mankhwala opaka, n'kundiuza kuti ndichepetse kupalasa makina. Lachitatu ndinalisiya, tsopano ndimapita kawiri pa sabata.

Amayi a pamjigo sindinadziwe mpaka lero chimene ankakambirana, ndipo madzi ndimatunga masana kukakhala kopanda anthu. M'chapa wina akadzuka, ndimayamba ndamufunsa kumene amachokera. Akatchula mudzi wakutali ndimathokoza n'kukhala. Sabata yatha anadzuka mpongozi wa oyandikana nawo nyumba, maso ali pansi, osandiyang'ana. Ndinamuuza kuti asavutike, ndinazolowera. Ndinapita kumbuyo kwenikweni, bondo litapanikizika ndi thumba la feteleza mpaka ku Ulongwe.