Buku Limene Sindinalole Kuti Lilowe M'bokosi

Ndinadzuka kusanache, mwana asanalire. Kunena kuti ndinagona n'kunama. Ndinangotseka maso pa matiresi amene azimayi anandiyalira pansi pabalaza. Usiku wonse anthu anachezera kuimba, koma motsitsa mawu, poti nyumba yathu ya ku Brampton inali yogundizana ndi ya azungu. Thupi la bambo a Tadala munalibe m'nyumbamo. Linali kunyumba yosungira maliro, ndipo ife tinkalira titazungulira tebulo lopanda kanthu.

Mwamuna wanga ankagwira ntchito mu labotale ya chipatala china mu Toronto. Koma Loweruka lililonse ankapita ku Oakville, kwa mayi wina wachizungu wosakwatiwa, amene anali ndi makina akale osindikizira mabuku m'chipinda chapansi pa nyumba yake. Kumeneko awiriwo ankasanja zilembo za mtovu ndi zala, chimodzichimodzi, n'kumasindikiza nkhani zakale za anthu opita ku nyenyezi. Mabukuwo ankatuluka ochepa kwambiri, lililonse ndi nambala yake yolembedwa pamanja. Ine ndili ndi setifiketi ya kutaipa ya ku koleji, zala zanga n'zachangu, koma sanandiitaneko kuti ndikathandize. Ankati fumbi la mtovu ndi loipa kwa mayi woyamwitsa. Mwina zinali zoona. Ngozi inamupeza pamsewu woterera ndi chisanu, akuchokera komweko.

Kutayamba kuyera, sinowo inkagwa pang'onopang'ono. Azibambo anakoleza makala m'chimgolo kuseri kwa nyumba, amati maliro opanda moto si maliro, ndipo anauzungulira atavala majasi. Amayi ankaphika mpunga ndi nkhuku pa sitovu, mawindo onse atachita nthunzi. Anthu anayamba kufika: ana a ku yunivesite, anamwino ochokera ku ntchito ya usiku, anzathu a ku Zambia. Amalawi tinali ochepa zaka zimenezo, koma nsapato zinaunjikana pakhomo mpaka chitseko chinkavuta kutseka. Ine maso anali pa Tadala, kuopa kuti wina amuponda kapena amutulutsa panja opanda chipewa.

Kenaka mayi wa ku Oakville uja analowa. Ndinali ndisanamuonepo, koma ndinamudziwa. Anali wamtali, maso atatupa, atakumbatira kaphukusi pachifuwa. Anaima pakhomo akusisima, osadziwa kolowera. Mayi wina wachikulire, ataona kalilidwe kakeko, anatenga chitenje n'kumumanga pamwamba pa jasi, n'kumugwira dzanja kudzamukhazika pa matiresi panga, phewa kukhudza phewa. Kwathu malo amenewo sakhala mlendo. Ndi a mkazi wa malemu, ndipo akakhalapo awiri aliyense amadziwa tanthauzo lake.

Kumbuyo kwanga ndinamva manong'onong'o.

"Kani alipo awiri?"

"Iwe, ndi abwana a ku mabuku amenewo."

"Abwana amalira chonchi?"

Ndinaweramitsa mutu, makutu akutentha. Mayi uja sanamve kanthu, sankadziwa Chichewa. Anamasula kaphukusi kaja. Munali buku lachikuto cha chikopa cha mbuzi, loyamba mwa omwe anamaliza kusindikiza ndi mwamuna wanga. Anandiuza m'Chingerezi kuti walisoka yekha m'masiku omwewo, ndipo akupempha kuti liikidwe m'bokosi, pachifuwa pa malemu. Alamu anga, msuweni wa mwamuna wanga amene ankayankhulira banja, anagwada pafupi n'kunena kuti, "Alamu, palibe choipa. Munthu azipita ndi chomwe ankakonda."

Mawu amenewo ndi omwe anandilasa. Ndinalandira bukulo ndi manja awiri, n'kunena kuti ndiona. Ndinaliika m'chikwama cha matewera.

Kunyumba yosungira maliro anatitsegulira bokosi. Anali atamuveka suti ya ukwati wathu, manja atawapinda pachifuwa. Anthu anadutsa mmodzimmodzi, ine ndinatsalira kumutu. Mayi uja anaima tsidya linalo, akundiyang'ana, akudikira. Ndinagwira chikwama. Ndinaganiza za ulusi umene anasokera bukulo, woti wadutsa m'zala zake, kuti ukagona pamtima pa mwamuna wanga mpaka tsiku la kuuka, pamene ine amene ndinamuberekera mwana ndikabwerera ku Brampton ndekha. Alamu ananong'oneza kuti, "Alamu, buku lija." Ndinati, "Tsekani." Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anakodola azungu ogwira ntchito pamenepo, ndipo anatseka.

Kumanda tinapita pa magalimoto, atayatsa nyali masana, opanda nyimbo panjira. Ndinali nditanyamula Tadala pamiyendo, chikwama pamapazi, ndipo ngodya ya bukulo inkandibaya mwendo galimoto ikakhota. Dzenje linakumbidwa ndi makina poti nthaka inali itauma gwa ndi kuzizira. Panalibe adzukulu. Dothi analiphimba ndi kapeti wobiriwira, ngati n'chinthu chochititsa manyazi. Abusa anafupikitsa mawu chifukwa milomo ya anthu inkanjenjemera. Nditaponya dothi langa, linagunda bokosi ngati mwala, Tadala n'kudzidzimuka.

Mayi uja anaima patali, chitenje chikadali pamwamba pa jasi. Pobalalika anachimasula, n'kuchipinda bwinobwino, n'kudzandipatsa ine ngati n'changa. Za buku sanafunse. Anangomuyang'ana Tadala n'kunena kuti mwanayu watengera makutu a bambo ake. Ndinathokoza, koma mumtima ndinati, makutu a mwamuna wa mwini munawayang'ana liti?

Madzulo anthu anapita, poti mawa lake inali ntchito. Amayi awiri amene anatsala kudzandigoneka anatsuka mbale n'kukagona kuchipinda. Moto wa kuseri unazima wokha. M'nyumba munangotsala phokoso la firiji ndi kupuma kwa mwana.

Ndinatulutsa bukulo n'kukhala nalo patebulo lakukhitchini. Masamba ake anali olumikizana kumtunda, osadula, moti sindikanatha kuwerenga osawang'amba. Ndinatenga mpeni wodulira anyezi, ndinaupukuta pa chitenje, n'kuyamba kudula, mokhotakhota. Pepalalo linali lochindikala, ndipo zilembo zinalowa mkati mwake moti chala chinkazimva. Za anthu opita ku nyenyeziwo sindinawerenge. Ndinkangoyendetsa chala mzere ndi mzere, kufuna kudziwa zilembo zimene anasanja mwamuna wanga ndi zimene anasanja mayi uja, kuti ndidzamuonetse Tadala akadzakula. Ndinafika tsamba lomaliza. Zonse zinali zofanana.